Ivan Simonov, Woyeza Nyenyezi wa ku Kazan

Pa 16 Julayi 1819, sitima ziwiri zoyendera matanga, Vostok ndi Mirny, zinazula anangula padoko la Kronstadt, kufupi ndi mzinda wa St Petersburg, n'kulunjika kum'mwera kwa dziko lapansi. Mfumu Alexander I ya Russia inali italamula kuti zipite mpaka pamene madzi oundana akazitsekere njira, ndipo zikaone ngati kumeneko kuli mtunda. Kaputeni James Cook wa ku Britain anali atayesapo kale zomwezo, moti mu 1774 anafika kutali kuposa wina aliyense, koma anabwerako osaona mtunda. Kwa zaka zoposa 40 panalibenso amene anayerekeza.

Wotsogolera ulendowu anali Fabian von Bellingshausen, pa Vostok, ndipo Mikhail Lazarev ankayendetsa Mirny. M'sitimazo munali amuna pafupifupi 190: asilikali apamadzi, amalinyero, akalipentala, osula zitsulo, madokotala, wansembe ndi wojambula zithunzi. Akatswiri awiri a zomera ndi zinyama a ku Germany, amene anayenera kukwerera ku Copenhagen, anasintha maganizo. Motero wasayansi anatsala mmodzi yekha, mnyamata wa zaka 25 wophunzitsa zakuthambo pa Yunivesite ya Kazan, dzina lake Ivan Mikhailovich Simonov.

Ulendowu ndi umene unamutchukitsa. Komabe Simonov anakhala ndi moyo zaka zina 33 atabwerako, ndipo anazithera pa ntchito yosatchuka msanga: kuphunzitsa, kupempha ndalama zogulira zipangizo, kumanga nyumba yoonera nyenyezi, kenako kutsogolera yunivesite yonse m'nyengo yowawa. Mbali ziwirizi n'zosalekanitsika, pakuti zimene anaphunzira panyanja zikanathera m'makope ake akanapanda kuzimangira nyumba ndi kuzisiyira anthu.

Mwana wa munthu wamalonda

Simonov anabadwa mu 1794 m'banja la munthu wamalonda, ndipo anakulira ku Astrakhan, mzinda wa kumathiriro a mtsinje wa Volga, kufupi ndi nyanja ya Caspian. Ku Russia masiku amenewo aliyense ankabadira m'gulu lake, kaya la olemekezeka, la ansembe, la amalonda kapena la alimi, ndipo ambiri ankafera m'gulu lomwelo. Sukulu ndiyo inamutsegulira khomo lina. Atayamba maphunziro ku Astrakhan, anapita ku Kazan mu 1808, ndipo chaka chotsatira analowa yunivesite.

Yunivesiteyo inali idakali yatsopano. Inakhazikitsidwa mu 1804 mumzinda wa m'mbali mwa Volga, makilomita pafupifupi 800 kum'mawa kwa Moscow, kumene Arasha ndi Atatari, Akhristu ndi Asilamu, akhala moyandikana kwa zaka mazana ambiri. Kuchoka pa Kazan kupita kum'mawa, kudutsa mapiri a Ural ndi Siberia yense mpaka kunyanja ya Pacific, kunalibenso yunivesite ina. Ya ku Tomsk inadzatsegulidwa mochedwa, mu 1888.

Aphunzitsi ambiri oyamba anachokera kumayiko olankhula Chijeremani, ndipo awiri mwa iwo ndi amene anaumba Simonov. Woyamba anali Martin Bartels, mphunzitsi wa masamu, yemwe ali mnyamata ku Braunschweig anathandiza kuphunzitsa kamwana kamene kanadzakhala katswiri wamkulu wa masamu, Carl Friedrich Gauss. Wachiwiri anali Joseph Johann Littrow, katswiri wa zakuthambo, amene anafika ku Kazan mu 1810.

Mu 1811 kumwamba kunaoneka nyenyezi yaikulu ya mchira, imene anthu ankaiona ndi maso okha kwa miyezi yambiri. M'misewu ndi m'midzi ambiri ankati ikulosera nkhondo. Littrow anatenga ophunzira ake awiri, Simonov ndi mnzake Nikolai Lobachevsky, n'kuyamba nawo kuilondola. Usiku uliwonse kukapanda mitambo ankayeza pamene yafika poiyerekeza ndi nyenyezi zoizungulira, n'kulemba ora ndi mphindi. Apa m'pamene Simonov anaphunzira maziko a ntchito yake, akuti chimene waona uchilembe ndi manambala, kuti wina amene sanalipo athe kuchitsimikiza kapena kuchitsutsa. Mu 1812 analandira digiri ya masters, ndipo Littrow atachoka mu 1816, Simonov anatenga maphunziro a zakuthambo ali ndi zaka 22.

Ntchito ya woyeza nyenyezi pa sitima

Munthu angafunse kuti katswiri wa nyenyezi ankakafunanji pa ulendo wofufuza mtunda. Yankho lake n'lakuti pakati pa nyanja, pamene palibe phiri kapena mtengo, kumwamba kokha ndiko kunkauza amalinyero pamene ali. Ndiponso chilumba chimene wachipeza koma sungathe kuchiika pa mapu, amene akubwera pambuyo pako sangachipezenso.

Kudziwa kuti sitima yatalikira bwanji kumpoto kapena kum'mwera kwa mzere wa ikweta sikunali kovuta kwambiri. Dzuwa likafika paliwombo, woyeza ankatenga chipangizo chotchedwa sextant, chokhala ndi tigalasi tiwiri, n'kuyeza kuti dzuwalo lakwera madigiri angati kuchokera pamene thambo lakumana ndi madzi. Akawerengetsa ndi matebulo a m'buku, yankho linkapezeka.

Chovuta chinali kudziwa kum'mawa ndi kumadzulo. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ora limodzi. Choncho ngati dzuwa lafika paliwombo pamene uli, koma wotchi yosunga nthawi ya ku Greenwich ikuti 2 koloko masana, ndiye kuti uli madigiri 30 kumadzulo kwa Greenwich. Zonse zinkadalira wotchi yapanyanja yotchedwa chronometer. N'chifukwa chake sitimazo zitaima ku Portsmouth, Bellingshausen, Lazarev ndi Simonov anapita ku London kukatenga mawotchi ndi ma sextant kwa amisiri a kumeneko. Koma wotchi, ngakhale yabwino chotani, imathamanga kapena kutsalira pang'ono tsiku lililonse, ndipo kutentha ndi kuzizira kumaisokoneza. Wotchi ikaphonya ndi mphindi imodzi yokha, pa ikweta sitima imaikidwa pa mapu makilomita pafupifupi 28 kutali ndi pamene ilidi.

Choncho paliponse pamene sitima zaima nthawi yotalikirapo, Simonov ankatsika ndi mabokosi ake, kukhoma tenti pamalo olimba, n'kuimika telesikopu yaing'ono yoyang'ana mzere umodzi wokha, wochokera kumpoto kupita kum'mwera. M'kati mwa telesikopuyo munali timaulusi tosaoneka bwino ndi maso. Iye ankadikira nyenyezi yodziwika kuti ilowe m'galasi, khutu lili pa kugunda kwa wotchi, ndipo nyenyeziyo ikangodutsa kaulusi kapakati ankalemba sekondi yake. Mawa lake nyenyezi yomweyo imadutsanso pomwepo mofulumirako ndi mphindi 3 ndi masekondi 56, osaposa kapena kuchepera. Wotchi ikanena zina, yolakwa ndi wotchi. Akabwereza zimenezi masiku angapo ankadziwa kuti wotchi iliyonse ikuphonya ndi masekondi angati patsiku. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi inali yotero ndithu. Anaichita pa kachilumba ka padoko la Rio de Janeiro, kutsidya la kumpoto kwa doko la Sydney, ndi pa Point Venus ku Tahiti, malo omwewo pamene Cook anaonera pulaneti ya Venus ikudutsa pamaso pa dzuwa mu 1769.

M'malo amenewa Simonov ankaonanso thambo limene ku Kazan silioneka n'komwe: Mtanda wa Kum'mwera, nyenyezi zowala za Canopus ndi Alpha Centauri, ndi timitambo tiwiri ta nyenyezi totchedwa mitambo ya Magellan. Ife a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique timaziona tikangotuluka panja usiku wopanda mwezi, koma kwa katswiri wa ku Russia wa nthawi imeneyo zinali zongowerenga m'mabuku. Nyenyezi za kum'mwera zinali zisanayezedwe mokwanira ngati za kumpoto, ndipo iye anagwiritsa ntchito mpatawo kuyeza malo a zina mwa izo.

Pakati pa madzi oundana

Atachoka ku Rio de Janeiro kumapeto kwa 1819, anadutsa chilumba cha South Georgia n'kufika ku zilumba za South Sandwich. Kumeneko anapeza zilumba zatsopano, ndipo Simonov anatsika nawo pa chimodzi mwa izo, cha Zavodovski, chimene phiri lake limafuka utsi ndipo m'mphepete mwake munadzaza mbalame za penguin. Popeza akatswiri a zinyama aja sanabwere, ntchito yosonkhanitsa mbalame, miyala ndi tizilombo ta m'madzi inagwera iye ndi madokotala a m'sitima.

Pa 28 Januwale 1820, malinga ndi kalendala imene timagwiritsa ntchito lero (ya ku Russia inkatsalira ndi masiku 12), sitimazo zinafika madigiri 69 ndi maminitsi 21 kum'mwera. Kutsogolo kwawo kunali madzi oundana okhaokha, otambalala kuchokera kum'mawa mpaka kumadzulo. Malo amene analemba tsiku limenelo ali pafupi ndi m'mphepete mwa kontinenti ya Antarctica. Patangopita masiku awiri, Edward Bransfield wa gulu lankhondo lapamadzi la Britain anaona mapiri a kontinenti yomweyo mbali ina, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Nathaniel Palmer wa ku America anaonanso mtunda. Akatswiri a mbiri amakambiranabe za amene anayamba kuona Antarctica. Chimene chimachititsa kuti Arasha awerengedwe m'nkhaniyi ndi manambala amene iwo analemba, chifukwa munthu wa lero angathe kuwaika pa mapu n'kuona yekha pamene anafika.

Kupeza manambalawo kunali kowawa. Kum'mwera kumeneko chifunga ndi chipale chofewa zimabisa dzuwa kwa masiku angapo otsatizana. Likangosuzumira, woyeza amayenera kukhala ali kale panja, sitima ikuyenda pendapenda, zala zitauma ndi chisanu pa chitsulo cha sextant, mnzake ali pa wotchi kudikira mfuu yoti alembe nthawi. Asilikali a m'sitima zonse ziwiri ankayeza nawo, kenako ankayerekezera zimene aliyense wapeza.

Dzinja la kum'mwera litayandikira, anapita ku Sydney mu Epulo 1820 kukakonza sitima, ndipo miyezi yozizirayo anaithera m'nyanja ya Pacific: ku New Zealand, ku zilumba za Tuamotu, ku Tahiti ndi kum'mwera kwa Fiji. Kumeneko Bellingshausen anatcha kachilumba kena dzina la Simonov, koma eni dera amakatcha Tuvana-i-Tholo. Simonov analemba za moyo wa Amaori ndi Atahiti, ndipo anasonkhanitsa zida, nsalu za makungwa ndi zokongoletsera zawo. M'madera otenthawo ankawerenganso chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya ora ndi ora, usana ndi usiku, pofuna kuona mmene mpweya umakwerera ndi kutsika kawiri patsiku.

Mu Novembala 1820 anabwereranso kum'mwera, ndipo mu Januwale 1821 anapeza chilumba cha Peter I ndi mtunda umene anautcha dzina la Alexander I. Aka kanali koyamba kuti munthu aone miyala ndi mapiri kum'mwera kwa mzere wa Antarctic Circle. Anafikanso ku Kronstadt mu Ogasiti 1821, patatha masiku 751, atazungulira kontinenti yonse ya Antarctica.

Kubwerera kuyunivesite yovulala

Yunivesite imene Simonov anabwererako sinali imene anaisiya. Mu 1819 boma linatumiza Mikhail Magnitsky kuti akaiyendere, ndipo iye analemba lipoti loti ndi chisa cha anthu osaopa Mulungu, choyenera kugwetsedwa. Mfumu inakana kuigwetsa, koma inaika Magnitsky yemweyo kuti aiyang'anire. Mapulofesa angapo anachotsedwa ntchito, mabuku ena analetsedwa, ndipo phunziro lililonse linkayenera kugwirizana ndi zimene iye ankati ndi chikhulupiriro choona. Zimenezi zinapitirira mpaka 1826, pamene nayenso anachotsedwa.

Simonov sanathawire ku St Petersburg kapena kunja, ngakhale kuti dzina anali nalo tsopano. Mu Julayi 1822 anaima pamsonkhano wa yunivesite n'kufotokoza za ulendo wa Vostok ndi Mirny. Mawu akewo anasindikizidwa chaka chomwecho, ndipo mu 1824 anatuluka m'Chijeremani ku Vienna mothandizidwa ndi mphunzitsi wake Littrow, amene panthawiyo anali mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ya mumzindawo. Buku la Bellingshausen linachedwa mpaka 1831, choncho kwa zaka zingapo asayansi a ku Ulaya anamva za ulendowu kudzera mwa Simonov. Zinthu zimene anabwera nazo kuchokera ku zilumba za Pacific anazipereka ku yunivesite, ndipo zinakhala mbali ya chiyambi cha nyumba yake yosungiramo zinthu zachikhalidwe. Mu 1825 anasindikizanso kabuku kofotokoza kusiyana kwa katenthedwe pakati pa theka la kumpoto ndi theka la kum'mwera la dziko lapansi.

Mu 1822 anakwezedwa kukhala pulofesa wathunthu. Chaka chotsatira ananyamuka ndi mnzake Adolph Kupffer kupita kumayiko a kumadzulo kwa Ulaya kukagulira yunivesite zipangizo za sayansi, ndipo ku Paris anadziwana ndi asayansi otchuka a nthawiyo. Mu 1829 bungwe la asayansi la St Petersburg linamusankha kukhala membala wake.

Kumanga nyumba yoonera nyenyezi

Telesikopu yabwino ndi yopanda pake ngati ilibe poima. Imafuna mzati wa miyala wozikika pansi, wosakhudzana ndi matabwa amene anthu amapondapo, kuti munthu akamayenda nyenyezi isavine m'galasi. Imafunanso denga lotseguka ndi chipinda chozizira mofanana ndi panja, chifukwa mpweya wofunda ukamatuluka umasokoneza chithunzi. Kanyumba koonera nyenyezi kamene Littrow anasiya ku Kazan kanalibe zonsezi.

Mwayi unabwera mu 1827 pamene Lobachevsky anasankhidwa kukhala mkulu wa yunivesite. Anthu awiri amene anayezera limodzi nyenyezi ya mchira ali ophunzira anali tsopano mmodzi mkulu wa sukulu, wina pulofesa wa zakuthambo. Ntchito yomanga inayamba mu 1833 pabwalo la yunivesite, motsatira pulani ya mmisiri Mikhail Korinfsky, ndipo inatha mu 1837. Nyumbayo ili ndi nsanja zitatu padenga ndipo mbali yake imodzi ndi yokhota ngati uta. Mu nsanja yapakati anaikamo telesikopu ya galasi la mainchesi 9 yopangidwa ku Munich, kumalo a ntchito amene anatchuka ndi mmisiri Joseph Fraunhofer. Panthawiyo inali m'gulu la matelesikopu aakulu a ku Russia.

Tanthauzo la nyumbayi linali loposa kukongola kwake. Kadamsana, nyenyezi ya mchira kapena nyenyezi yobisika kuseri kwa mwezi zikayezedwa kuchokera kumalo awiri otalikirana, zimaulula zambiri kuposa zikayezedwa pamalo amodzi. Kazan inali kutali kum'mawa kwa nyumba zoonera nyenyezi za ku Ulaya, motero manambala ake anali ofunika kwa onse. Komanso nyumba yotere imakhala poyambira poyeza malo a mizinda ndi mitsinje ya chigawo chonse, ndipo Simonov anayendadi m'madera ozungulira Kazan kuyeza malo a matauni kuti mapu akonzedwe.

Mu Ogasiti 1842 moto waukulu unapsereza mbali yaikulu ya mzinda wa Kazan, ndipo nyumba yoonera nyenyezi inapsa nawo. Simonov anali paulendo ku Ulaya. Lobachevsky, ophunzira ndi wothandizira wa Simonov, Mikhail Lyapunov, anatulutsa zipangizo zikuluzikulu moto usanazifike. Atabwerako, Simonov anayambanso kulemba makalata opempha ndalama, ndipo nyumbayo inamangidwanso.

Singano ya kampasi

Ali panyanja, Simonov ankaona tsiku ndi tsiku kuti singano ya kampasi siloza kumpoto kwenikweni. Imapatukira kum'mawa kapena kumadzulo malinga ndi pamene munthu ali, ndipo kufupi ndi Antarctica kupatukako kumakula kwambiri. Ngakhale pamalo amodzi, singanoyo imasuntha pang'ono pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo masiku ena imanjenjemera popanda chifukwa chooneka. Kupffer, amene anaphunzitsa ku Kazan kwa zaka zingapo, anaona kuti singano ya ku Kazan ndi ya François Arago ku Paris zinkasokonezeka nthawi imodzi. Izi zinasonyeza kuti choyambitsacho chikukhudza dziko lonse. Lero tikudziwa kuti ndi mphamvu zochokera kudzuwa.

Mu 1829 Alexander von Humboldt anadutsa ku Kazan pa ulendo wake wa ku Siberia, ndipo chaka chomwecho analimbikitsa boma la Russia kuti likhazikitse malo oyezera mphamvu ya maginito ya dziko lapansi m'dziko lonselo. Simonov anali mmodzi wa Arasha oyamba kuigwira ntchitoyi mosalekeza. Analemba za masamu a mphamvuyi, ankalemberana makalata ndi Gauss, amene ankatsogolera kafukufuku yemweyo ku Göttingen, ndipo mu 1842 anakamuchezera. Mu 1843 yunivesite inakhala ndi nyumba yakeyake yoyezera maginito. Nyumba zotere sizilola chitsulo pafupi, moti woyeza amasiya makiyi ndi mpeni panja asanalowe kukawerenga singano pa maola oikika, omwewo amene anzake akuwerenga m'mizinda ina.

Pamene sanaone patali

Mbiri ya Simonov ili ndi tsamba limodzi losakondweretsa, ndipo siliyenera kubisidwa. Pa 23 Febuluwale 1826, Lobachevsky anapereka kwa anzake a m'chigawo cha masamu ndi sayansi pepala lonena zinthu zachilendo. Kwa zaka zoposa 2,000 aliyense ankavomereza zimene Euclid anaphunzitsa, kuti ngodya zitatu za chinthu cha mbali zitatu zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180. Lobachevsky anasonyeza kuti n'zotheka kumanga masamu ena athunthu, osadzitsutsa, m'mene ngodyazo zimachepera pa 180. Anayesanso kugwiritsa ntchito miyezo ya nyenyezi, monga Sirius, kuti aone masamu amene thambo lenileni limatsata.

Pepalalo linaperekedwa kwa komiti ya anthu atatu kuti iliunike: Simonov, Kupffer ndi Nikolai Brashman. Ndemanga yawo sinatuluke. Lobachevsky anasindikiza maganizo ake m'magazini ya yunivesite mu 1829 ndi 1830, ndipo kwa zaka zambiri ankanyozedwa nawo. Lero ntchitoyi imawerengedwa m'gulu la zazikulu zimene zinachitikapo m'masamu, ndipo masamu a mtundu umenewu anadzatsegulira njira maganizo a Albert Einstein. Simonov anali woyeza wosamala ndi womanga wakhama, koma lingaliro lalikulu koposa limene linabadwira pa yunivesite yake linadutsa m'manja mwake osalichitira umboni. Luso loyeza bwino ndi luso lozindikira chatsopano ndi mphatso ziwiri zosiyana, ndipo yunivesite imafuna zonse.

Mkulu wa yunivesite

Mu 1846 Lobachevsky anachoka pampando atautumikira zaka 19, ndipo Simonov analowa m'malo mwake. Anapeza yunivesite ili ndi mbiri yabwino. Nikolai Zinin anali atapeza mu 1842 njira yopangira aniline, mankhwala amene anadzakhala maziko a mafakitale a utoto wa nsalu. Karl Claus anali atatulukira mu 1844 chitsulo chatsopano chotchedwa ruthenium. Chigawo cha zilankhulo za kum'mawa, kumene ankaphunzitsa Chiarabu, Chiperisiya, Chitatari, Chimongoliya ndi Chitchaina, chinali chodziwika mu Ulaya yense. Pakati pa ophunzira panali mnyamata wina wosakhazikika pa maphunziro, Lev Tolstoy, amene mu 1847 analembera Simonov kalata yopempha kusiya sukulu, n'kuchoka wopanda digiri.

Kenako mphepo inatembenuka. Zipolowe zoukira mafumu zitabuka m'mayiko ambiri a ku Ulaya mu 1848, Mfumu Nicholas I inayamba kuona mayunivesite ngati gwero la zoopsa. Mu 1849 boma linalamula kuti ophunzira odzilipirira okha asapitirire 300 pa yunivesite iliyonse, kupatula a zachipatala, ndiponso kuti akulu a mayunivesite aziikidwa ndi boma m'malo mosankhidwa ndi mapulofesa anzawo. Mu 1850 maphunziro a filosofi anathetsedwa, ndipo zotsala zake zinaperekedwa kwa aphunzitsi a zaumulungu. Kutumiza achinyamata kukaphunzira kunja kunaimitsidwa. Mu 1854 kunatuluka lamulo losamutsira maphunziro a zilankhulo za kum'mawa ku St Petersburg, ndipo Kazan inataya aphunzitsi ndi mabuku osowa.

M'nyengo yotere mkulu wa yunivesite sakanatha kuyambitsa zazikulu. Ntchito yake inali kusunga zimene zilipo: kuti makalasi asatsekedwe, zipangizo zisachite dzimbiri, ndipo achinyamata aluso apeze malo. Ntchito yotere simveka kutali, koma zipatso zake zimaoneka pa anthu amene anayamba ntchito m'zaka zimenezo. Alexander Butlerov, amene anamaliza maphunziro mu 1849, anatsalira pa yunivesite kuti aziphunzitsa, ndipo anadzakhala mmodzi wa oyambitsa chiphunzitso cha mmene maatomu amalumikizirana m'mankhwala. Mu 1850 kunabwera katswiri wachinyamata wa zakuthambo wa ku Poland, Marian Kowalski, amene anaphunzira ku St Petersburg. Iye anawerengetsa njira ya pulaneti ya Neptune, imene inali itangotulukiridwa mu 1846, ndipo mu 1852 anakhala pulofesa.

Amene anatenga ntchito

Simonov anamwalira ku Kazan mu Januwale 1855 adakali paudindo, ali ndi zaka 60. Lobachevsky, yemwe panthawiyo anali atachita khungu, anamutsatira chaka chotsatira. Dzina la Simonov lili pa mapu, pa kachilumba ka ku Fiji ndi pa nsonga ya kumpoto chakum'mawa kwa chilumba cha Peter I.

Koma cholowa chake chenicheni chili mwa anthu. Wophunzira wake Mikhail Lyapunov anayang'anira nyumba yoonera nyenyezi kuyambira 1850, ndipo mwana wake, Alexander Lyapunov, anadzakhala katswiri wa masamu amene mainjiniya amagwiritsabe ntchito njira zake. Kowalski anatsogolera nyumbayo mpaka imfa yake mu 1884, ndipo anali mmodzi wa oyamba kufufuza ndi masamu ngati khamu lonse la nyenyezi za Mlalang'amba limazungulira. Pambuyo pake kunabwera Dmitry Dubyago, amenenso anakhala mkulu wa yunivesite. Magetsi ndi utsi wa mumzinda zitayamba kuphimba thambo, iye anamanga nyumba yachiwiri kunkhalango, kunja kwa Kazan, imene inatsegulidwa mu 1901 ndi zipangizo zimene Vasily Engelhardt anapereka kwaulere.

Mu 2023 bungwe la UNESCO linaika nyumba ziwirizi pa mndandanda wa malo a chuma cha anthu onse a padziko lapansi. Nyumba ya mu 1837 ija sinasanduke malo ongoonerera, pakuti ophunzira zakuthambo a pa yunivesiteyo amaphunzirabe momwemo. Inadzukanso pambuyo pa moto, ndipo inapulumuka malamulo ouma a mafumu, kusintha kwa boma mu 1917 ndi nkhondo ziwiri zikuluzikulu, chifukwa m'badwo uliwonse unkapeza wina ataphunzitsidwa kale kuti aitenge. Mwambo umenewo, wokonzeratu wolowa m'malo mwini wake asanachoke, anaulimbitsa ndi Simonov.